Kuthamangitsa khadi la zithunzi lotchipa popanda kuliwotcha

Ophunzira ambiri okonda magemu a pa kompyuta anamvapo kale mawu akuti overclocking. Kwa iwo amamveka ngati liwiro laulere. Kwa kholo limene linatulutsa ndalama zogulira kompyutayo, amamveka ngati chiyambi cha utsi m'nyumba. Onse awiri ali ndi mfundo: liwiro lowonjezera lilipodi, koma ndi lochepa, ndipo lili ndi malire ake.

Kodi chimasinthidwa n'chiyani?

Graphics card, kapena kuti khadi la zithunzi, ndi chipangizo chimene chimajambula zonse zooneka pa sikirini. Pakati pake pali chip yotchedwa GPU, ndipo m'mbali mwake muli memory yakeyake. GPU imagwira ntchito motsatira kugunda kwa wotchi yamkati, kumene kumayezedwa mu MHz. MHz imodzi ndi kugunda 1 miliyoni pa sekondi. NVIDIA GeForce GTX 1650 yoyamba, ya mu 2019, inalembedwa liwiro la 1665 MHz, pamene AMD Radeon RX 580 ya mu 2017 inalembedwa 1340 MHz. Overclocking ndi kuuza khadi kuti lizigunda mofulumira kuposa pamene fakitale inaika.

Mpata umenewu umakhalapo chifukwa ma chip opangidwa tsiku limodzi satuluka ofanana ndendende. Kampani imasankha liwiro limene onse angakwanitse, ngakhale ofooka. Lanu likhoza kukhala ndi mphamvu zotsala, kapena ayi. N'chifukwa chake manambala amene anayenda bwino pa khadi la mnzanu akhoza kuzimitsa lanu, ngakhale dzina ndi lomwelo.

Phindu lake ndi lotani?

Pa makhadi otchipa ambiri, liwiro limakwera ndi 5 mpaka 10 pa 100 alionse. Gemu imene imaonetsa zithunzi 40 pa sekondi ifika pa 42 kapena 44. Imene imatsimphina pa 20 ifika pa 22, ndipo idzatsimphinabe. Pamenepo mankhwala ndi kuchepetsa mithunzi ndi zokongoletsa zina m'gemu momwemo, zomwe zimapatsa liwiro lochuluka popanda chiopsezo chilichonse.

Pali zina ziwiri zoti muone. Ngati sikirini yanu ndi ya 60 Hz ndipo gemu ikufika kale pa 60, sikiriniyo sidzaonetsa zithunzi zoposa pamenepo. Ndipo ngati GPU ikugwira ntchito pa 60 kapena 70 peresenti yokha gemu ili mkati, chimene chikuchedwetsa nthawi zambiri ndi CPU, osati khadi.

Mdani wamkulu ndi kutentha

Magetsi onse olowa m'khadi amasanduka kutentha. GTX 1650 ndi GTX 1050 Ti zimadya mawati 75, ndipo malo amene khadi limalowa pa motherboard, otchedwa PCIe, amapereka mawati 75 omwewo. Makhadi ambiri a mtundu umenewu alibe chingwe chawochawo cha magetsi, choncho alibe kotenga zowonjezera, ndipo amadziletsa okha akafika pamalire. RX 580 ndi nkhani ina. Imadya mawati 185, imafuna chingwe cha mapini 8 chimene chimanyamula mawati 150, ndipo imafuna power supply ya mawati pafupifupi 500. Power supply yopanda dzina ikalemedwa, imatha kufa n'kutengera limodzi motherboard.

Makhadi a masiku ano amadziteteza: akatentha kwambiri amachepetsa liwiro, ndipo zikapitirira amazimitsa kompyuta. Chimene chimafupikitsa moyo wa chip kwenikweni ndi kukweza voteji. Mphamvu imene chip imadya imakwera mofulumira kuposa votejiyo: mukakweza voteji ndi 10 peresenti, mphamvu imakwera ndi pafupifupi 21 peresenti. Lamulo loyamba ndi limeneli: voteji musaikweze.

Musanayambe

Pemphani chilolezo kwa mwini kompyuta. Makompyuta a pasukulu, a ku ofesi kapena obwereka si oyeserapo. Laputopu nayonso isiyeni, chifukwa ilibe malo otulutsira kutentha kowonjezera.

Zimitsani kompyuta, chotsani pulagi kukhoma, ndipo chotsani fumbi m'mafani ndi burashi yofewa. Nthawi zina kuchita zimenezi kokha kumabweza liwiro limene linatayika.

Samalani ndi makhadi a kaunjika. RX 570 ndi RX 580 ambiri anagwira ntchito usana ndi usiku kwa anthu okumba ndalama ya pa intaneti ya Ethereum, ndipo kukumbako kutatha mu September 2022 anagulitsidwa ochuluka pamtengo wotsika. Ena mafani ake ndi otopa, phala lotulutsa kutentha pa chip linauma, ndipo BIOS yake inasinthidwa. Ngati khadi likupitirira kale madigiri 80 musanasinthe kalikonse, likufunika kukonzedwa, osati kuthamangitsidwa.

Pulogalamu yodziwika kwambiri ndi MSI Afterburner. Ndi yaulere ndipo imagwira pa makhadi a makampani enanso. Itengeni pa webusaiti ya MSI yokha, chifukwa pali mawebusaiti achinyengo ofanana nayo amene amafalitsa mavairasi. Amene ali ndi khadi la AMD angagwiritse ntchito AMD Software: Adrenalin Edition. Mufunikanso pulogalamu yoyezera, monga Unigine Heaven kapena Superposition.

Ndondomeko yake

1. Yezani kaye khadi lili mmene linabwerera. Lembani m'kope zithunzi pa sekondi, kutentha kokwera kwambiri ndi liwiro la GPU. Popanda manambala amenewa simungadziwe ngati mwapindula.

2. Kwezani liwiro la mafani kuti khadi lizikhala pansi pa madigiri 80. Phokoso liwonjezeka, koma makhadi a NVIDIA amakweza liwiro lawo okha akamazizira.

3. Power Limit ikwezeni pokhapokha ngati khadi lili ndi chingwe chake cha magetsi ndipo power supply ndi yodalirika. Pa makhadi ambiri a mawati 75 mudzapeza kuti siyenda n'komwe.

4. Wonjezani Core Clock ndi 15 MHz, yezani kwa mphindi 10, kenako wonjezaninso 15. Pitirizani mpaka vuto litaoneka, ndiye mubwerere masitepe awiri m'mbuyo.

5. Mukatha, chitani chimodzimodzi ndi Memory Clock, 50 MHz nthawi iliyonse. Musasinthe ziwirizi nthawi imodzi, chifukwa simungadziwe chimene chalakwitsa. Apa yang'anitsitsani zotsatira: memory ikapitirira muyeso imayamba kutumiza zolakwika n'kumazibwereza, moti mapointi amatsika ngakhale gemu sinazime. Mapointi akayamba kutsika, bwererani.

6. Sewerani magemu anu enieni kwa masiku angapo. Pulogalamu yoyezera ikhoza kudutsa bwino koma gemu ina n'kuzima.

7. Batani lochititsa kuti zosinthazo ziziyamba zokha Windows ikamayaka likanikizeni pomaliza penipeni. Mukalikanikiza msanga, kompyuta ikhoza kumazima nthawi iliyonse mukaiyatsa.

Zizindikiro zakuti mwapitirira

Timadontho tonyezimira, mizere yamitundumitundu, zithunzi zong'ambika, sikirini kuda kwa kanthawi, kapena gemu kutsekeka yokha. Zimenezi sizitanthauza kuti khadi lapsa. Kanikizani Reset mu Afterburner, kapena yatsaninso kompyuta, ndipo manambala abwerera mwakale. Ikakana kulowa mu Windows, lowani pa Safe Mode n'kuchotsa pulogalamuyo. Koma fungo la chinthu chopserera, kapena kompyuta yonse kuzima mwadzidzidzi gemu ikangolemera, ndi nkhani ya magetsi. Chotsani pulagi ndipo pitani nayo kwa wokonza. Kusintha BIOS ya khadi kusiyeni ndithu, chifukwa magetsi akathima ntchitoyo ili pakati khadi likhoza osadzukanso.

Nyengo ndi magetsi athu

Manambala amene ayenda bwino m'chisanu cha June akhoza kukanika mu October, chipinda cha malata chitatentha. Mpweya wa m'chipinda ukakwera ndi madigiri 10, khadi nalonso limakwera pafupifupi chimodzimodzi. Yezani masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo kompyuta isakhale pansi pafumbi kapena yopanikizidwa kukhoma. Magetsi a ESCOM akamabwerera atathima ndi pamene zipangizo zambiri zimapsa, choncho surge protector ndi yofunika kuposa 15 MHz iliyonse imene mungawonjezere.

Pa khadi lotentha ngati RX 580, njira yanzeru nthawi zambiri ndi yotsitsa voteji pang'onopang'ono liwiro lili pomwepo, zimene amati undervolting. Khadi limazizira, phokoso limachepa, ndipo mukatsitsa kwambiri gemu imangozima, chip siwonongeka.

Kwa makolo

Khadi la mawati 185 likagwira ntchito maola atatu limadya yuniti yoposa theka, osawerengera zina zonse za m'kompyutamo. Makampani ena amakananso kukonza kwaulere khadi lowonongeka chifukwa cha overclocking, ndipo la kaunjika nthawi zambiri lilibe chitsimikizo chilichonse. Mwana wanu akapempha chilolezo, mufunseni mafunso atatu: khadi likufika madigiri angati, manambala oyamba anawalemba pati, ndipo voteji waisiya pomwe inali kodi? Akayankha onse atatu bwinobwino, ndiye kuti akuphunzira kuyeza, kulemba ndi kusintha chinthu chimodzi nthawi imodzi, monga amachitira mu labu ya Physics. Akalephera kuyankha, adikire kaye.