Nkhalango Zotsala Pakati pa Minda ya Tiyi ku Honde ndi ku Chipinge

Munthu wozolowera ku Mulanje kapena ku Thyolo atafika m'chigwa cha Honde, kum'mawa kwa dziko la Zimbabwe, akhoza kuyesa kuti ali kwawo. Mapiri ake ngofanana, nkhungu ya m'mamawa njomweyo, ndipo tiyi wayala m'zitunda ngati mphasa. Ngakhale mitundu ina ya tiyi wa kumeneko, monga SFS 150 ndi PC 108, inachokera ku Malawi, ku bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa lomwe likulu lake lili ku Mimosa, m'boma la Mulanje. Ena mwa anthu othyola tiyiyo makolo awo anachokera ku Malawi ndi ku Mozambique.

Vuto lakenso ndi limodzi. Nkhalango zowirira zomwe zinali m'malo amenewa tiyi asanabwere zatsala timizere ndi tizilumba, ndipo zambiri mwa izo zili m'maesiteti ndi m'mphepete mwa minda ya achikumbi, komwe mlonda wa boma safikako. Amene amafikako tsiku ndi tsiku ndi mlangizi wa zaulimi.

Chifukwa chake nkhalango zili kumeneku

Mbali yaikulu ya Zimbabwe ndi ya tchire la mitengo yoyoyola masamba, monga tsamba ndi mombo. Koma m'malire ndi Mozambique muli mzere wa mapiri kuyambira ku Nyanga, kudzera ku Vumba ndi ku Chimanimani, mpaka ku Chipinge. Mphepo yachinyontho yochokera ku nyanja yamchere ya India ikagunda mapiriwa imakwera, n'kuzizira, n'kugwetsa mvula mbali ya kum'mawa. M'chilimwe mumagwabe mvula yowaza ndi nkhungu, yofanana ndi chiperoni cha kwathu kuno. Chinyontho cha m'chilimwechi n'chomwe chimalola mitengo yosayoyola masamba kukhala moyo.

Chigwa cha Honde, m'boma la Mutasa, chili m'tsinde mwa phiri la Nyangani, lalitali koposa onse m'Zimbabwe, la mamita 2,592. Mathithi a Mutarazi amagwera m'chigwachi kuchokera pamtunda wa mamita 762. Madzi onsewa amathera mu mtsinje wa Pungwe, womwe anthu a mu mzinda wa Mutare amamwa, ndiponso anthu a ku Beira ku Mozambique. Choncho mtengo wodulidwa ku gwero la kamtsinje ku Honde ndi nkhani ya maiko awiri.

Akatswiri a zomera, makamaka Tom Müller wa ku National Herbarium ku Harare amene anayendera nkhalangozi kwa zaka zambiri, anazigawa potengera kukwera kwa malo. Za pamwamba pa mapiri zatsalako ndithu, poti kumeneko n'kozizira ndi kotsetsereka, ndipo kwina kuli m'malo otetezedwa ndi boma. Zomwe zasowa kwambiri ndi za pakati ndi za m'munsi, momwe mumamera mkweranyani, mbawa, msikidzi wa m'nkhalango ndi mtangatanga. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: tiyi, khofi ndi nthochi zimafuna mvula yambiri, malo ofunda ndi dothi lakuya, ndipo malo otere ndi omwewo pomwe nkhalangozi zinaima.

Chirinda, chilindo cha ku Chipinge

Chitsanzo chabwino cha zomwe zinalipo kale ndi nkhalango ya Chirinda, pa phiri la Selinda, mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kum'mwera kwa tauni ya Chipinge. Dzinali ndi la Chindau, ndipo Mchewa sangavutike nalo, pakuti ndi lachibale ndi mawu athu akuti chilindo. Malo otetezedwawa ndi okwana mahekitala pafupifupi 950 ndipo amawayang'anira ndi a Forestry Commission.

Mu nkhalangoyi muli mtengo wotchuka womwe amangoutcha Big Tree. Ndi mbawa, yomweyi timapalira mipando ndi zitseko, koma poyezedwa unapezeka kuti unali wotalika mamita pafupifupi 65, ndipo boma linauika m'gulu la zinthu zosungidwa za fuko. Akatswiri ena amatcha mbawa imeneyi Khaya nyasica, potengera dzina la Nyasa, pomwe ena amaitcha Khaya anthotheca.

Amene anayamba kulemba mwatsatanetsatane za zomera za ku Chirinda ndi Charles Swynnerton, yemwe ankakhala pa famu ya Gungunyana kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Zomera ndi mbalame zingapo zili ndi dzina lake, monga mtengo wa matabwa wa Lovoa swynnertonii. Mulinso khofi wam'tchire, monga Coffea salvatrix. Tisamuyese chitsamba wamba khofi wotereyu. M'chaka cha 2019 akatswiri a ku Kew ku England analengeza kuti mwa mitundu 124 ya khofi yodziwika pa dziko lapansi, 60 pa 100 iliyonse ili pangozi ya kutha. Obereketsa mbewu akamafuna khofi wopirira ku matenda kapena ku kutentha, kumene amayang'ana ndi kwa abale am'tchirewa.

Zamoyo za m'nkhalango zimadalirana modabwitsa. Ku Chirinda kuli kachule kena komwe kamaikira mazira m'timadzi todikha pakati pa mizu yotumphuka ya mtengo wa Chrysophyllum gorungosanum. Wodula mtengowo sadziwa kuti wathetsanso mbumba ya kachuleko.

Tiyi: anadula, komanso wasunga

Ulimi wa tiyi ku Chipinge unayamba m'zaka za m'ma 1920 pa famu ya New Year's Gift, pomwe panabadwira kampani ya Tanganda. Kenako anatsegulidwa maesiteti ena monga Ratelshoek, Jersey, Zona ndi Southdown, ndipo ku Honde kunabwera Eastern Highlands, Aberfoyle ndi Katiyo. Potsegula minda imeneyi tchire ndi nkhalango zambiri zinagwa.

Komabe pali mbali ina yomwe tiyenera kuivomereza. Malo otsetsereka kwambiri, zigwembe ndi magwero a mitsinje eni maesiteti sanalime, pofuna kusunga madzi a m'madamu ndi a m'mafakitale awo. Nkhuni zoumitsira tiyi amadzala okha bulugama. Tiyinso ndi mbewu yobiriwira chaka chonse, motero moto wolusa suyenda m'munda mwake monga umachitira m'udzu. Zotsatira zake n'zakuti nkhalango zina zabwino koposa za m'munsi mwa Nyangani zatsala m'malo a esiteti, monga za ku Aberfoyle komwe alendo amapita kukaona mbalame.

Anzathu a ku Malawi akuzidziwa bwino zimenezi. Nkhalango ya pa phiri la Thyolo, yomwe inali yotetezedwa ndi boma, inatha pafupifupi yonse kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pomwe tizigawo ta m'maesiteti oyandikana nalo, monga Satemwa, tinapulumuka.

Koma chitetezo chotere n'chodalira mtima wa mwini malo ndi mtengo wa tiyi pa msika. Maesiteti a ku Chipinge adzala makademiya ndi mapeyala ambiri m'malo ena momwe munali tiyi ndi khofi, ndipo achikumbi a ku Honde akukuza minda ya nthochi. Mbewu ikasintha, malire a munda amajambulidwanso, ndipo pa nthawi imeneyi mpamene kankhalango ka m'mphepete kamadyedwa, chaka chino mizere iwiri, chaka chamawa itatu.

Nkhani ya muranga

Sikuti zomera zonse zimatha ndi nkhwangwa ya wotsegula munda. Mtengo wa Warburgia salutaris, womwe Andau ndi Ashona amautcha muranga, unkapezeka m'Zimbabwe m'malo owerengeka a ku Chipinge. Khungwa lake ndi lowawa ngati tsabola ndipo asing'anga amaligwiritsa ntchito pa chifuwa, chimfine ndi matenda ena. Poti linkagulitsidwa m'misika ya m'mizinda, anthu ankasenda mtengo kuzungulira thunthu lonse, mwinanso kukumba mizu. Mtengo wosendedwa chotero umauma, chifukwa chakudya chochokera ku masamba chimatsikira ku mizu kudzera m'kati mwa khungwa. Pofika zaka za m'ma 1990 muranga unali utatsala pang'ono kutheratu m'tchire la Zimbabwe, ndipo khungwa linayamba kuchokera ku Mozambique.

Chakumapeto kwa zaka zomwezo, bungwe la SAFIRE ndi anzake anabweretsa mbande kuchokera ku South Africa n'kuzigawa kwa mabanja a m'derali kuti adzale pakhomo. Akatswiri a ku South Africa anapezanso kuti masamba ake ali ndi mankhwala ofanana ndi a m'khungwa, kutanthauza kuti munthu akhoza kuthyola masamba chaka ndi chaka mtengo uli chiimire. Mtengowu umaphukanso podzala nthambi zodula. Apa phunziro ndi lakuti kuletsa kokha sikunaupulumutse. Chomwe chinathandiza ndi kuusandutsa mbewu ya pakhomo, yokhala ndi mwini wake.

Kumene izi zinachedwa, taona mapeto ake. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje, mtengo wa fuko la Malawi, unadulidwa mpaka kalembera wa m'chaka cha 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Madzi akatayika saoleka; zomwe zikuchitika tsopano ndi kudzala mbande ndi kudikira zaka makumimakumi.

Zomera zobwera

Mdani wachitatu ndi zomera zomwe tinabweretsa tokha. Ku Nyanga, paini wa Pinus patula ndi mtengo wa Acacia mearnsii zinathawa m'minda ya mitengo n'kulowerera m'madambo a pamwamba pa mapiri, momwe muli maluwa ndi zitsamba zosapezeka kwina kulikonse. M'munsi, lantana amatseka m'mphepete mwa nkhalango kotero kuti mbande za mitengo yachilengedwe sizimera.

Chatsopano ndi chitsamba cha Vernonanthura polyanthes, chochokera ku South America, chomwe chinafika ku Mozambique ngati chakudya cha njuchi. Njere zake ndi zopepuka, zimauluka ndi mphepo, ndipo tsopano chadzaza m'malo ambiri a ku Chimanimani ndi ku Chipinge. Chimakonda pamalo pomwe patenthedwa, palimidwa n'kusiyidwa, kapena pomwe pagumuka nthaka, monga zinachitikira ndi namondwe wa Idai mu Malichi 2019. Chitsambachi sichinafunse chiphaso podutsa malire, ndipo alangizi a ku Tete, ku Zambezia ndi kum'mwera kwa Malawi achita bwino kuchidziwa chisanawapeze.

Nkhokwe yozizira siingasunge zonse

Ena anganene kuti tingotola njere n'kuzisunga. Zoonadi maiko athu ali ndi nkhokwe ya mbewu ya SADC ku Chalimbana pafupi ndi Lusaka, ndipo Malawi ali ndi yake ku Chitedze. Chimanga, mapira, mawere ndi nyemba zimaumitsidwa n'kuikidwa m'malo ozizira kwa zaka zambiri. Koma njere za mitengo yambiri ya m'nkhalango zowirira sizilola zimenezo. Njere ya msikidzi ikauma yafa. Ya muranga imafunika kufesedwa ikangotuluka m'chipatso. Ngakhale ya mbawa, yomwe imapirira kuuma, imataya mphamvu msanga ikasungidwa m'nyumba wamba. Mitengo yotere nkhokwe yake ndi nthaka yomwe yaimapo.

Zoyenera kuchita alangizi

Choyamba, dziwani zomwe zili m'dera lanu. Yendani ndi mafumu, asing'anga ndi amayi otola nkhuni, mulembe tinkhalango tonse, kuphatikizapo ta kumanda ndi ta m'malo opatulika, pamodzi ndi maina a mitengo m'chiyankhulo cha komweko. Chomera chomwe simukuchidziwa, thyolani kanthambi kokhala ndi masamba ndi maluwa kapena zipatso, kapanikizeni pakati pa nyuzipepala, lembani malo ndi tsiku, ndipo katumizeni ku National Herbarium ku Harare kapena ku Zomba.

Chachiwiri, pojambula munda watsopano wa nthochi, tiyi kapena makademiya, yambani mwaika malire a mtsinje. Malamulo a ku Zimbabwe saloleza kulima mkati mwa mamita 30 kuchokera m'mphepete mwa mtsinje popanda chilolezo. Mlimi akamva kuti nyowe, msopa ndi mkuyu za m'mphepetemo ndi zomwe zimagwira gombe ndi kusunga madzi othirira nthochi zake, lamulolo sadzalionanso ngati chilango.

Chachitatu, lambulani njira zotchinga moto kuzungulira nkhalango udzu usanaumitsitse. Mitengo ya m'nkhalango zowirira ili ndi khungwa lopyapyala, siipirira moto ngati mombo, ndipo moto uliwonse umabweza malire ake m'mbuyo.

Chachinayi, zulani zomera zobwera zisanachite maluwa, ndipo musasiye dothi pambalambanda. Dzalanipo mitengo yachilengedwe msanga. Mlimi wa njuchi kapena wa ziweto akafuna chomera chatsopano chochokera kunja, funsani kaye akatswiri.

Chachisanu, m'nazale za m'midzi musangoika bulugama yekha. Tolani njere za mbawa, mkweranyani ndi msikidzi ku mitengo yambiri yosiyanasiyana, osati ku mtengo umodzi, ndipo zifeseni msanga. Mitengo ya mankhwala ipatseni malo pakhomo ndipo phunzitsani anthu kuthyola masamba m'malo mosenda khungwa.

Pomaliza, uzanani. Mlangizi wa ku Chipinge ndi wa ku Espungabera alekanitsidwa ndi malire okha. Phiri ndi limodzi, moto ndi umodzi, ndipo ogula makungwa ndi omwewo. Mbawa yodzalidwa chaka chino adzaicheka ndi adzukulu, koma mthunzi wake pa gwero la mtsinje udzayamba kugwira ntchito mwini wake akali moyo.