Kuyeza Kakulidwe ka Ana: Ntchito ya Wothandizira Kafukufuku

Abale anga a ku seminale, ambiri mukamva za psychology mumangoganiza za odwala misala. Ntchito yanga siili choncho. Ndimathandizira akatswiri a pa yunivesite kuno ku Blantyre poyeza kakulidwe ka ana aang'ono, makamaka amene anachira malungo a muubongo.

Timagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa MDAT, umene Melissa Gladstone ndi anzake anausindikiza mu 2010. Miyeso ya kwa Azungu inkafunsa zinthu zina zimene mwana wa ku Ndirande sanazionepo, motero mwana wochangamuka ankaoneka wotsalira. MDAT uli ndi mayeso 136 m'magulu anayi: kuyenda ndi kudumpha, kugwira tinthu ndi zala, kulankhula, ndiponso kukhala ndi anthu.

Chovuta kwambiri ndi chakuti sindiloledwa kumuthandiza mwanayo. Akamalephera kusanjikiza timatabwa, mtima umafuna kumugwira dzanja, nawonso mayi ake amayamba kumunong'oneza. Pamenepo ndimawapempha mwaulemu kuti, "Mayi, tamusiyani ayese yekha." Ndikati ndilembe kuti wakhoza pomwe sanakhoze, madokotala sangadziwe zoti akufunika chithandizo msanga, ndipo vutolo lidzatulukira ali Sitandade 1, nthawi itapita kale.