Kumvetsera Makina Pofuna Kupulumutsa Mafuta ndi Nkhuni

Chigayo sichiima mwadzidzidzi. Bering'i imene girizi wake wauma imayamba kulira mwachilendo masiku ambiri isanagwire, ndipo masiku onsewo injini imamwa dizilo wochuluka polimbana ndi zitsulo zimene zikukhulana. Vuto ndi lakuti m'nyumba ya chigayo khutu limamva phokoso lonse pamodzi.

Amakaniko anapeza njira kalekale. Amakhudzitsa nsonga ya sikuludiraiva yaitali pachitsulo chokuta bering'i, ndi kuika chogwirira chake kukhutu. Chitsulo chimanyamula kulira kwa malo okhawo amene chakhudza. Bering'i yabwino imalira mosalala. Yowonongeka imakukuta ngati muli mchenga. Chida cha stethoscope, chimene dokotala René Laennec anatulukira ku Paris mu 1816 chomvera m'chifuwa cha odwala, amakaniko nawonso ali nacho chawo, cha nsonga yachitsulo.

Koma kulira kwina khutu silikumva. Munthu amamva kunjenjemera kosapitirira pafupifupi 20,000 pa sekondi imodzi, pamene mpweya kapena nthunzi yothawira pakabowo imatulutsanso kulira kopyola pamenepo. Zida za ultrasound zimatola kulira kumeneku, kawirikawiri cha pa 40,000, ndi kukusandutsa mawu omveka m'zomvera za kumakutu. Unduna wa za mphamvu ku United States unapeza kuti m'mafakitale osasamalidwa, magawo 20 mpaka 30 pa 100 alionse a mpweya wopopedwa ndi kompuresa amatayikira m'timabowo totere.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri mafakitale a tiyi, monga a ku Thyolo, Mulanje, Honde Valley ndi Gurúè. Kumene tiyi amaumitsidwa ndi nthunzi, pamapaipi pamakhala kachida kotchedwa steam trap, kamene kamatulutsa madzi koma n'kutsekera nthunzi. Mitundu yambiri imamveka ikutseguka ndi kutseka mosinthasintha. Ikangoti fwaa osalekeza, nthunzi ikuthawa, ndipo nkhuni zikupsa m'boyila popanda phindu. Maso sangaone zimenezi chifukwa zonse zikuchitikira m'kati mwa paipi.

Alangizi awauze eni zigayo ndi mapampu othirira kuti amvetsere makina awo akangokonzedwa kumene, pakuti amene sadziwa kulira kwa bering'i yabwino sangazindikire yodwala. Pomvetserapo, malaya akhale opisira, ndipo sikuludiraiva isayandikire lamba kapena pule imene ikuzungulira.