Utsi wa Minibasi ndi Mafuta Ochokera ku Nzimbe

Minibasi zochokera ku Lilongwe zikamakwera zitunda za msewu wa M1 polowa m'tauni ya Dedza, zambiri zimasiya utsi kumbuyo. Utsi wakudawo ndi mafuta omwe sanapse mokwanira. Injini ili ngati mbaula: mpweya ukachepa, makala amangofuka osayaka. Dedza ndi dera lokwera kwambiri, kumene mpweya ndi wopepuka, choncho injini yotopa imabanika msanga.

Ku Malawi, njira imodzi yochepetsera vutoli idayamba mu 1982, pomwe fakitale ya ETHCO ku Dwangwa idayamba kutcheza ethanol kuchokera ku madzi akuda onata otsala popanga shuga. Ya PressCane ku Chikwawa idatsatira mu 2004. Ethanol ndi m'bale wake wa kachasu, kungoti madzi ake amachotsedwa pafupifupi onse. Akamuthira m'petulo, amathandiza petuloyo kupsa bwino, ndipo dziko limaitanitsa mafuta ocheperako kunja.

Vuto lili pa dizilo, amene mabasi akuluakulu amayendera, chifukwa sasakanikirana bwino ndi ethanol. Mafuta omwe angalowe m'malo mwake ndi oyengedwa kuchokera ku mbewu, monga jatropha.