Moyo wa Mbusa (Gawo 3): Khomo Losatsekedwa

Sabata yatha tidaona njira imene wachinyamata amadzera kuti adzozedwe ubusa, ndipo tidatchula sukulu ya ubusa ya ku Zomba imene idatsegulidwa mu 1977. Lero tiyeni tiloŵe m'nyumba mwake.

Ambiri amayesa kuti mbusa amagwira ntchito Lamulungu lokha. Sichoncho ayi. Mu Sinodi ya Nkhoma, mpingo umodzi umakhala ndi nyumba zopemphereramo zingapo zotalikirana, ndipo mbusa ayenera kuzifikira zonse: kudyetsa Mgonero, kubatiza, kuyesa a kalasi, kumanga maukwati ndi kuika maliro. Uthenga wa zovuta sudikira kuti kuche. Pakati pa usiku kukamveka "Odi!", mbusa amadzuka.

Nanga wotsala pakhomo ndani? Ndi mayi busa. Iwoŵa ndiwo amalandira alendo, nagaŵa nsima ya ana kuti mlendo asagone ndi njala. Amatsogoleranso amayi a Chigwirizano, uku munda ukuŵadikira. Mbusa akaitanidwa ku mpingo wina, banja lonse limamanga katundu, ndipo nthaŵi zina ana amasintha sukulu pakati pa chaka. Nyumba imene akukhalamo ndi ya mpingo. Tsiku lopuma pantchito likafika, amaisiya.

Tsono inu aphunzitsi, mwana wa abusa akalakwa musamulange kaŵiri chifukwa cha udindo wa atate ake, pakuti ndi mwana monga anzake. Nawenso wotsiriza sukulu amene ukumva maitanidwe, uyambe wamufotokozera zonsezi wodzamanga naye banja, chifukwa goli limeneli mudzalisenza aŵiri.

Sabata yamaŵa tidzakamba za chopereka cha masika.