Kodi Mumadziwa? Pomwe Fayilo Ina Yathera, Ina N'kuyambira

Kodi mumadziwa kuti kompyuta sidziwa chomwe ife timachitcha mzere? Kwa iyo, fayilo ndi mndandanda umodzi wautali wa manambala, wopanda popumira. Chimene chimaudula kukhala mizere ndi kachizindikiro kosaoneka ndi maso, komwe pa ndondomeko ya ASCII ya mu 1963 kanapatsidwa nambala 10. Pulogalamu ikamawerenga mzere umodziumodzi, imangotola zilembo mpaka ikumane ndi 10, kenako n'kuyambanso kutola.

Kodi mumadziwa kuti makompyuta sagwirizana pa kathedwe ka mzere? Linux ndi makompyuta a Apple a masiku ano amaika 10 yokha. Windows imaika ziwiri, 13 kenako 10. Zimenezi n'zotsalira za makina akale otumizira mauthenga pa waya, monga Teletype Model 33. Nambala 13 inkauza kachipangizo kodinda zilembo kuti kabwerere kumanzere, 10 n'kuuza pepala kuti likwere. Makompyuta akale a Apple ankaika 13 yokha mpaka Mac OS X itabwera mu 2001, ndipo Notepad ya pa Windows inayamba kuonetsa bwino mafayilo a Linux dzulodzuloli, mu 2018. Tsono mukasakaniza fayilo ya pa Windows ndi ya pa Linux, mawu oti Zomba a m'fayilo ina akhoza kukhala atanyamula 13 kumapeto, pomwe a m'fayilo inayo alibe. Maso anu aona Zomba ndi Zomba, koma pulogalamu iona mizinda iwiri yosiyana. Chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Python chimadzikonzera chokha zimenezi chikamawerenga zolemba wamba. Chinzake cha awk cha pa Linux sichitero.

Kodi mumadziwa kuti lamulo lolumikizira mafayilo lomwe anthu akugwiritsabe ntchito lero lapitirira zaka 50? Dzina lake ndi cat, ndipo linalipo kale m'buku loyamba la malangizo a Unix la mu 1971, la Ken Thompson ndi Dennis Ritchie a ku Bell Labs ku New Jersey, m'dziko la America. Ntchito yake ndi imodzi basi: kutenga mafayilo onse omwe mwalipatsa n'kuwatulutsa mondondozana ngati fayilo imodzi. Siliwonjezera kanthu, silichotsanso kanthu, ndipo apa m'pomwe pagona nkhani. Tiyerekeze kuti fayilo yoyamba yathera pa nambala 250, koma woilemba sanaike chizindikiro chotsekera mzere. Yachiwiri yayamba ndi 75. Chotuluka si mizere iwiri ayi, ndi mzere umodzi wa 25075. Ngati zinali ndalama, pomwe pamayenera kutuluka K325 patuluka K25,075, ndipo kompyuta siinena chilichonse, chifukwa kumbali yake palibe chomwe chalakwika. Atelala amadziwa kuti chovala chimayambira pa msoko kung'ambika. Ntchito yowerenga mafayilo ambiri ilinso chimodzimodzi. Pakati pa fayilo zinthu zimayenda bwino, koma pomwe ina yathera ndipo ina ikuyambira m'pamene woilemba pulogalamu ayenera kutsegula maso.

Kodi mumadziwa kuti lamulo lowerengera mizere, wc -l, siliwerenga mizere? Limawerenga zizindikiro za 10 zija. Fayilo ya mizere 40 yomwe mzere wake womaliza sunatsekedwe, lidzakuuzani kuti ili ndi 39.

Kodi mumadziwa kuti mutu wa fayilo nawonso umalowa m'gulu la anthu? Mafayilo ambiri a CSV amayamba ndi mzere wofotokoza zomwe zili m'munsi: dzina, zaka, mudzi. Mlembi akalumikiza mafayilo 28, boma lililonse fayilo yake, mzere umenewo upezeka ka 28, ndipo 27 mwa iyo idzakhala itabisala pakati pa mayina enieni. Akangowerenga mizere n'kunena kuti awa ndi anthu omwe alembedwa, wawonjezerapo anthu omwe kulibe. Mankhwala ake ndi apafupi: lamulo la tail -n +2 limadumpha mzere woyamba wa fayilo. Chinanso chofunika kudziwa n'chakuti m'fayilo ya CSV mbiri ya munthu mmodzi ikhoza kutenga mizere iwiri kapena itatu, chifukwa chikalata cha RFC 4180 cha mu 2005 chimalola kudula mzere mkati mwa zizindikiro zogwira mawu. N'chifukwa chake ine sindikhulupirira pulogalamu yomwe imawerenga CSV pongodula pa 10 ndi pa koma.

Kodi mumadziwa kuti awk imasunga mawerengero awiri nthawi imodzi? Chilankhulo chimenechi chinapangidwa mu 1977 ndi Alfred Aho, Peter Weinberger ndi Brian Kernighan, komweko ku Bell Labs. NR imawerenga mizere yonse kuchokera pomwe ntchito inayambira, pomwe FNR imabwerera pa 1 fayilo yatsopano ikangotsegulidwa. Akatswiri amapezerapo mwayi pamenepa. Akalemba NR==FNR, amakhala akunena kuti "chita izi pa fayilo yoyamba yokha", popeza manambala awiriwo amafanana pa fayilo yoyambayo basi. Ndi mmene amasungira mayina a m'fayilo ina kuti awafananize ndi a m'fayilo inzake. Nzeru yabwino ndithu, koma ili ndi mbuna yake: fayilo yoyamba ikakhala yopanda kanthu, manambalawo amafanana pa fayilo yachiwiri yonse, ndipo pulogalamu imaitenga yachiwiriyo ngati yoyamba.

Kodi mumadziwa kuti Perl imachita ntchito yonseyi ndi zizindikiro ziwiri zokha? Larry Wall anatulutsa chilankhulochi mu 1987. Mukalemba <> pulogalamu imatsegula yokha fayilo iliyonse yomwe mwaitchula, kuiwerenga, n'kupita pa ina. Mukapanda kutchula fayilo, imadikira zochokera pa kiyibodi kapena ku pulogalamu ina. Python ya Guido van Rossum, yomwe inatuluka mu 1991, ili ndi chida chofanana nacho chotchedwa fileinput. Ubwino wake n'ngwakuti pa mzere uliwonse mukhoza kufunsa kuti tili m'fayilo iti, uwu ndi mzere wachingati m'fayiloyi, komanso ngati ndi mzere woyamba. Mafunso atatu amenewa ndi omwe cat imakumanani, chifukwa ikangolumikiza, mzere umaiwala kwawo.

Kodi mumadziwa kuti grep, pulogalamu yofufuzira mawu m'mafayilo, imasintha kayankhidwe molingana ndi kuchuluka kwa mafayilo? Mukaipatsa imodzi, imangoonetsa mizere yomwe yapeza. Mukaipatsa awiri kapena kuposa, imayamba yatchula dzina la fayilo kutsogolo kwa mzere uliwonse. Palibe yemwe waiuza, inapangidwa choncho. Kwa ine aka ndi kena mwa tinthu tanzeru kwambiri mu Unix, chifukwa wofufuza amafuna kudziwa osati chomwe chapezeka chokha komanso komwe chapezeka.

Kodi mumadziwa kuti 10 akhoza kubwera patsogolo pa 2? Kompyuta ikamaika mayina a mafayilo m'ndondomeko imayang'ana chilembo chimodzichimodzi, choncho mwezi10 amatsogola, mwezi2 n'kubwera pambuyo. Olemba mosamala amati mwezi02.

Nanga kodi mumadziwa kuti nkhani ya ndondomeko yomweyi inagwedezapo asayansi? Mu 2014 magazini ya Nature Protocols inasindikiza njira yothandiza akatswiri a chemistry kuzindikira mapangidwe a mankhwala opezeka m'zachilengedwe, pamodzi ndi timapulogalamu ta Python tomwe tinadziwika ndi mayina a Willoughby ndi Hoye. Timapulogalamuto tinkatola magulu awiri a mafayilo m'foda n'kumawaphatikiza awiriawiri, yoyamba ya uku ndi yoyamba ya uko, yachiwiri ndi yachiwiri, mpaka kumapeto. Vuto linali lakuti chida cha glob chomwe chinkatola mafayilowo sichilonjeza ndondomeko iliyonse. Chimangopereka mayina mmene kompyutayo yawaperekera. Pa makompyuta ena ankabwera motsatana bwino, pa ena ayi. Mu 2019 ofufuza a pa University of Hawaii, omwe ankaphunzira za tizamoyo ta m'madzi totchedwa cyanobacteria, anadabwa kuona kuti mafayilo omwewo, pulogalamu yomweyo, zikupereka mayankho osiyana malinga ndi kompyuta: pena 173.2, pena 172.4. Taonani kuchepa kwa kusiyanako. Yankho likanakhala lopenga, aliyense akanaliona tsiku loyamba lomwe, koma ili linkaoneka ngati loona, ndipo linakhala zaka zisanu osadziwika. Atalengeza zimenezi m'magazini ya Organic Letters, kunamveka kuti kafukufuku woposa 100 akhoza kukhala kuti anakhudzidwa. Kukonza kwake kunangofuna kuuza pulogalamu kuti iyambe yasanja mayina isanawerenge.

Kodi mumadziwa kuti chilembo chathu cha ŵ chimaulula mafayilo osagwirizana? M'ndondomeko ya UTF-8, yomwe Ken Thompson ndi Rob Pike anaikonza mu 1992, chilembochi chimasungidwa ndi manambala awiri. Pulogalamu ikawerenga fayiloyo poganiza kuti ndi ya ndondomeko yakale ya Windows, nambala iliyonse imasanduka chilembo pachokha, ndipo Malaŵi amatuluka ali MalaÅµi. Kachizindikiro kopindika ka m'mawu ngati ng’ombe nako kamasanduka â€™. Mafayilo akachokera kwa anthu osiyanasiyana, ina ikhoza kukhala ya ndondomeko iyi, ina ya ndondomeko iyo, ndipo fayiloyo payokha kawirikawiri sinena kuti ndine wa kuti. Mapulogalamu ena a Windows amayesa kuthandiza poika manambala atatu osaoneka kumayambiriro kwa fayilo ya UTF-8. Fayilo ikakhala yokha palibe vuto lalikulu, koma mukalumikiza makumi awiri, manambala atatuwo amakakamira kutsogolo kwa mawu oyamba a fayilo iliyonse, pakati penipeni pa ntchito yanu.

Kodi mumadziwa kuti mafayilo akhoza kuwerengedwanso mogundizana, osati mondondozana? Lamulo la paste limatenga mzere woyamba wa uku ndi woyamba wa uko n'kuyiika pamodzi. Mu Python ntchitoyi imachitidwa ndi zip, yomwe imaima mwakachetechete fayilo yaifupi ikangotha, n'kusiya mizere yotsala ya yaitaliyo. Kuyambira pa Python 3.10 ya mu 2021, mukhoza kulemba strict=True kuti ikuchenjezeni.

Kodi mumadziwa kuti mukhoza kufufuta fayilo poyesa kuiwonjezera? Mukalemba cat a b > a, fayilo ya a imakhuthulidwa cat isanayambe n'komwe kuwerenga. Zotuluka zizipita ku dzina latsopano nthawi zonse.

Kodi mumadziwa kuti pali malire a mafayilo omwe pulogalamu ingatsegule nthawi imodzi? Pa makompyuta ambiri a Linux malirewo amayambira pa 1,024, ndipo malo atatu amakhala atatengedwa kale: 0 polowera, 1 potulukira, 2 podandaulira zikavuta. Pulogalamu yomwe imatsegula osatseka imayenda bwino poyeserera ndi mafayilo khumi, n'kudzagwa tsiku lomwe yapatsidwa zikwi ziwiri.

Kodi mumadziwa kuti kompyuta yaing'ono ikhoza kusanja mizere yochuluka kuposa yomwe ingakwane mu memory yake? Imadula ntchitoyo m'mafayilo ang'onoang'ono, kusanja iliyonse payokha, kenako n'kuwatsegula onse n'kumayang'ana mzere wapamwamba wokha wa fayilo iliyonse. Waung'ono kwambiri ndiwo umatuluka, wotsatira wake n'kukwera pamalopo. Maziko a njirayi anayalidwa ndi John von Neumann mu 1945, ndipo lero ili mu sort -m ndi mu heapq.merge ya Python. N'chifukwa chake kuwerenga mzere umodziumodzi kumaposa kumeza fayilo yonse: laputopu yakale yomwe ena angati yatha ntchito imakwanitsa zomwe sizikanatheka mwanjira ina.

Kodi mumadziwa kuti mizere yotayika inasokonezapo ntchito yolimbana ndi Covid-19 ku England? Pakati pa 25 September ndi 2 October 2020, anthu 15,841 omwe anapezeka ndi matendawa sanalowe m'chiwerengero cha tsiku ndi tsiku. Malo oyezera matendawa ankatumiza zotsatira m'mafayilo a CSV, omwe alibe malire a mizere. Bungwe la Public Health England linkasonkhanitsa mafayilowo n'kuwalowetsa mu Excel, koma m'mtundu wakale wa XLS womwe umathera pa mizere 65,536, pomwe mtundu watsopano wa XLSX umafika pa 1,048,576. Popeza zotsatira za munthu mmodzi zinkatenga mizere ingapo, fayilo imodzi inkadzaza ndi anthu pafupifupi 1,400 okha. Odwala ali ochepa zonse zinkakwana. Matenda atakwera, mizere yapansi inkangotsala kunja. Oyezedwawo anauzidwa zotsatira zawo, koma mayina awo anachedwa kufika kwa ogwira ntchito yolondola anthu omwe anakhala nawo pafupi, moti anthu zikwizikwi sanadziwe msanga kuti akuyenera kudzipatula. Chimandipweteka pa nkhaniyi n'chakuti chida chodziwira vutoli chinalipo, ndipo n'chosavuta: kuwerenga mizere yomwe yalowa kuchokera m'mafayilo onse, kuwerenga yomwe yatuluka, n'kuimitsa ntchito manambala awiriwo akasiyana. Vutolo litadziwika, njira yomwe anathamangira inali yogawa mafayilo akuluakulu aja kukhala ang'onoang'ono ambiri, kuti pasapezeke ina yofika pa mizere 65,536.