Kaufiti wachikasu m'munda wa khobwe wa mbewu

Ambiri a ife kuno ku Phalombe tikamva za kaufiti timakumbukira kaudzu ka maluwa ofiira kamene kamafooketsa chimanga ndi mapira. Koma alipo mnzake wa maluwa achikasu, amene akatswiri amamutcha Alectra vogelii. Iyeyu amagwira khobwe, mtedza ndi soya. Pakhomo pamene timadalira chitambe, mfutso wa m'chilimwe ndi khobwe wosungira mbewu, kaufiti ameneyu amatilanda zonse zitatu.

Njere zake n'zazing'ono ngati fumbi. Tsinde limodzi limabereka njere zikwizikwi, ndipo zimatha kukhala m'nthaka zaka zoposa khumi osafa. Zimamera pokhapokha zikamva timadzi totuluka m'mizu ya mbewu imene zimakonda. Zikamera zimaboola muzuwo n'kumayamwa madzi ndi chakudya zikadali pansi. N'chifukwa chake khobwe amachita chikasu ndi kupinimbira ife tisanaone chilichonse, ena n'kumadandaula mvula.

Kwa mlimi wa mbewu vuto limakula. Tikamamenya khobwe pansi m'munda wa kaufiti, fumbi lija limasakanikirana ndi mbewu. Tikagawira mnansi kapena kukagulitsa kumsika kwa Migowi, tasamutsira kaufiti m'munda wina. Khasu, matope a kumapazi ndi madzi othamanga nazonso zimamunyamula.

Tizule kaufiti akangotuluka, asanachite maluwa. Amene wachita kale maluwa tisamusiye mumzere kapena kumuponya m'dzenje la manyowa, timuunjike pamodzi n'kumutentha. Ntchitoyi ndi ya chaka ndi chaka. Timenyere khobwe pamphasa kapena pathumba, kutali ndi mundawo, n'kumupeta bwino. Manyowa amathandiza, chifukwa kaufiti amasangalala m'nthaka yoguga.

Kasinthasintha wa mbewu amafuna kuti tidziwe kaufiti amene tili naye. Wachikasu sagwira chimanga, wofiira sagwira khobwe. Munda wokhala ndi onse awiri ndi wofunika kuuonetsa kwa alangizi a zaulimi.

Ulipo mtundu wa khobwe wotchedwa Mkanakaufiti, umene unavomerezedwa m'Malawi muno mu 2011 chifukwa chopirira kaufiti wachikasu. Ofuna kulima mbewu yogulitsa adziwenso kuti minda yawo imayenderedwa ndi nthambi ya boma yoyeza mbewu, imene likulu lake lili ku Chitedze.

Ophunzira, patchuthi chino yendani ndi makolo m'munda wa khobwe, muike zikhomo pamalo pamene kaufiti watuluka. Mbewu ya chaka chamawa isachokere pamenepo.